Jack the Ripper anapha azimayi 5 okha basi, kapena alipo ena omwe sanawerengedwe?

Wezi_Chibavi:

Abale ndithandizeni inu amene mumatsata mbiri yakale. Nkhani ya Jack the Ripper, uja anazunguza dera la Whitechapel ku London mu 1888, paliponse amati anapha azimayi 5, Mary Ann Nichols, Annie Chapman, Elizabeth Stride, Catherine Eddowes ndi Mary Jane Kelly, kuyambira pa 31 Ogasiti mpaka pa 9 Novembala chaka chomwecho. Koma tsono mavidiyo ena pa YouTube akumati ayi anali 11, ena mpaka akumuwonjezera mayi wina wa ku America ndi kamwana kena ka ku Bradford, ndiye mutu wanga wangozungulira.

Funso langa ndi ili, munthuyu sanagwidwe, sanaimepo mukhoti, dzina lake lenileni mpaka lero palibe akulidziwa, nanga 5 imeneyi anaipeza bwanji? Anaikhazikitsa ndani? Chifukwa ine ndikamaganiza, munthu wochita zomwe zinachitika kwa Mary Kelly sangakhale kuti anangodzuka tsiku lina mu Ogasiti nkuyamba, kenako Novembala nkungosiya yekha. Payenera kuti pali ena omwe anayambira, mwinanso ena pambuyo pake. Komanso mbali inayi ndikuona kuti kungotola maliro aliwonse a nthawi imeneyo nkumusenzetsa iyeyo si chilungamo kwa omwalirawo, chifukwa ndiye kuti amene anawapha zenizeni tawasiya apite.

Za kuti anali ndani musandiuze chonde, zimenezo zatikwana, wina akuti dokotala wa kunyumba yachifumu wina akuti wometa tsitsi. Ine ndikufuna za ophedwawo, ndani ali mkati, ndani ali kunja, chifukwa chake nchiyani.

Aphunzitsi_Katoto:

Achemwali funso lanu lili pamalo pake, ndipo manambala awiri onsewo ali ndi kochokera, sanayambire pa YouTube ayi.

11 ija ndi ya fayilo ya apolisi. Apolisi a ku London anali ndi fayilo ya azimayi ophedwa ku Whitechapel ndi madera oyandikana nawo, woyamba ndi Emma Smith yemwe anavulazidwa pa 3 Epulo 1888, womaliza ndi Frances Coles pa 13 Febuluwale 1891. Koma fayilo imeneyi siimanena kuti onsewa anawapha ndi munthu mmodzi, unali chabe mulu wa milandu ya dera limodzi yomwe mwini wake sanapezeke. Ambiri amasokonezeka pamenepa.

5 ija inachokera makamaka kwa anthu awiri. Woyamba ndi Dr Thomas Bond, dokotala wa apolisi, yemwe pa 10 Novembala 1888, mawa lake Mary Kelly ataphedwa, analembera Robert Anderson mkulu wa ofufuza milandu kuti azimayi asanuwa anaphedwa ndi dzanja limodzi. Koma dziwani kuti pa asanuwa, thupi lomwe Bond analiona ndi maso ake linali la Kelly lokha, anayi enawo anangowerenga malipoti a madokotala anzake. Wachiwiri ndi Melville Macnaghten, bwana wina wa polisi, yemwe mu 1894 analemba chikalata chotsindika kuti wakuphayu anapha anthu 5 okha basi. Chikalata chimenechi chitadzafika mmanja mwa olemba mabuku patapita zaka zambirimbiri, aliyense anangoyamba kuimba nyimbo ya 5.

Tsono apa mpomwe ine ndimati tizichenjera. Macnaghten analowa ntchito ku polisi ya London mu 1889, asanuwa ataikidwa kale mmanda, sanafikepo pamalo pomwe aliyense wa iwo anaphedwera magazi akadali pansi. Ndipo anali ndi munthu wake yemwe ankamukayikira kuposa ena, Montague Druitt, loya komanso mphunzitsi, yemwe thupi lake linapezeka likuyandama mumtsinje wa Thames pa 31 Disembala 1888. Ndiye taganizani, ngati mumtima mwako wakhulupirira kuti wakupha uja anamira mu Disembala 1888, mayi wophedwa mu Julayi 1889 ungamuwerengere? Sungayerekeze, chifukwa ukatero nkhani yako yonse yagwa. Sindikunena kuti bamboyu ananama, koma 5 yake ija ikugwirizana kwambiri ndi munthu yemwe ankamufunayo, ndiye siyoti tiziitenga ngati inachita kutsika kumwamba.

Chomwe chimamangirira milanduyi pamodzi ndi mabala. Khosi kudulidwa mozama kwambiri, mimba kung'ambidwa, ndipo kwa ena ziwalo kutengedwa, Chapman anamuchotsa chiberekero, Eddowes impso ndi chiberekero, Kelly mtima wake sunapezeke. Zonse usiku kapena mbandakucha, mmisewu yoti munthu utha kuizungulira wapansi. Kupatula apo apolisi analibe chogwira. Ofesi ya zidindo za zala ku Scotland Yard, likulu la apolisi a ku London, inadzatsegulidwa mu 1901, njira yosiyanitsira magazi a munthu ndi a nyama inadzapezekanso mu 1901 momwemo, pomwe Whitechapel kunali malo ambiri ophera ng'ombe ndi mahatchi moti munthu kuyenda mmawa malaya ali magazi sizinkadabwitsa aliyense. Ndiye nambala iliyonse yomwe mungamve ndi maganizo a munthu poyang'ana mabala, palibe umboni wina.

Kwa ine Nichols, Chapman ndi Eddowes mulibe chikaiko, Kelly naye ndimamuika mkati. Stride ndiye ndimaima kaye.

NyaMhango_Zolozolo:

Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma mwamudumpha Martha Tabram, ndipo ineyo nkhani ya mayi ameneyu imandipweteka chifukwa amangomusiya panja ngati wongodutsa. Anaphedwa pa 7 Ogasiti 1888, masiku 24 okha Nichols asanaphedwe, pamasitepe a nyumba yosanja yotchedwa George Yard Buildings ku Whitechapel komweko, anamubaya ka 39. Tamvani, 39. Ameneyo si munthu wofuna kulanda kachikwama ayi, ndi munthu woti mkwiyo wake uli pathupi la mzimayi, mabala ake anali pakhosi, pachifuwa, pamimba mpaka kumusi. Pali mnyamata wina woyendetsa ngolo yonyamula anthu yemwe ankakhala mnyumbamo, anadutsa pamasitepepo cha mma 3:30 usiku akuchokera kuntchito, anaona munthu ali gone koma sanalabadire chifukwa anthu osowa pogona ankagona pamenepo kawirikawiri, thupi linadzadziwika kuti ndi maliro kutatsala pang'ono kucha. Umphawi wa dera limenelo unafika pamenepo, munthu kumudumpha mnzake ali mmagazi poganiza kuti wagona.

Omwe amamukana Tabram amati iye anabayidwa pomwe enawo anachita kuchekedwa, komanso mnzake Mary Ann Connelly, ankamutchula Pearly Poll, ananena kuti usiku umenewo anali ndi asilikali awiri, ndipo dokotala yemwe anapima thupi anati bala limodzi linali la mpeni wautali, mwina uja amaika kutsogolo kwa mfuti. Chabwino. Koma Pearly Poll anasiyana ndi Martha usiku usanafike pakati, maola angapo anadutsa asanaphedwe, mmaola amenewo akanatha kukumana ndi wina aliyense. Apolisi anamutengera Poll kumalo a asilikali kuti akaloze, omwe anawalozawo anapezeka kuti anali kwina usikuwo, nkhani nkuthera pomwepo. Nanga munthu woyamba kumene kupha angachite ndendende mmene adzachitire kachitatu? Amaphunzira, amasintha, amaona kuti kubaya kwachedwetsa komanso kwamuthimbirira zovala. Ngakhale ena mwa apolisi omwe anagwira nawo milanduyi, monga Walter Dew, Tabram ankamuwerengera.

Za Stride ndikugwirizana nanu pang'ono aphunzitsi. Iyeyu anangodulidwa pakhosi basi, mimba sanaikhudze, ndipo anamupeza kapaketi ka timaswiti tonunkhiritsa mkamwa kadakali mdzanja lake lamanzere, kusonyeza kuti zinachitika mwadzidzidzi zedi. Ambiri amati wakuphayo anasokonezedwa ndi Louis Diemschutz yemwe analowa mumpanda wa Dutfield's Yard, pomwe Stride anaphedwera, ndi kangolo kake ka hatchi cha mma 1 koloko usiku, ndiye anathawa nkukamalizira ukali wake pa Eddowes yemwe anapezeka ku Mitre Square mma 1:45. Zikumveka ndithu, mtunda wake ndi woyendeka mmphindi zimenezo. Koma palinso Israel Schwartz yemwe anauza apolisi kuti cha mma 12:45 anaona bambo wina akumukankhira Stride pansi pamsewu anthu akudutsa, pafupi ndi kalabu yomwe munali anthu akuimba. Uja wa Nichols ndi Chapman sankachita phokoso lotere. Stride analinso ndi mwamuna wake yemwe ankakhala naye, Michael Kidney, ankakangana pafupipafupi mpaka anakamusumirapo kuti wamumenya, ngakhale apolisi sanamupeze ndi mlandu pa imfayi. Sindikuti ndi iyeyo ayi, ndikungoti mzimayi akaphedwa nthawi yomwe dera lonse likukamba za chilombo chimodzi, mafunso ena omwe amayenera kufunsidwa pakhomo safunsidwanso mokwanira.

Kondwa_Luwinga:

Inetu amwene ndimakhulupirira kuti mfana ameneyu anapha anthu ambiri kuposa 11 yomweyo, anthu oterewa sasiya, London itatentha anakwera sitima nkupita ku New York kukapitiriza, nchifukwa chake mu 1891 kunaphedwa Carrie Brown mu hotela ndipo anamung'amba chimodzimodzi. Komanso woyamba weniweni ndi Fairy Fay wa Disembala 1887 amene simukumutchula nonsenu. Nanga mathunthu a anthu opanda mitu aja ankapezeka ku London nthawi yomweyo, lina mpaka linapezeka pansi pa nyumba yatsopano ya likulu la apolisi ikumangidwa, mukufuna mundiuze kuti mzinda umodzi unali ndi zilombo ziwiri nthawi imodzi? Komanso mwini wake ankalemba makalata kuwauza apolisi kuti sasiya, nanga tikane bwanji.

Aphunzitsi_Katoto:

Achimwene a Kondwa, tiyambe ndi Fairy Fay chifukwa ameneyo ndiye wosavuta, kunalibe munthu wotero. Amati anaphedwa pa 26 Disembala 1887 koma mmabuku a imfa mulibe, mmalipoti a polisi mulibe, ndipo dzinalo linadzatulukira mu nyuzipepala ina mu 1950. Zikuoneka kuti anthu anasokoneza nkhani ya Emma Smith nkupanga munthu wachiwiri. Ngati mndandanda ungalowemo munthu yemwe sanabadwe nkomwe, ndiye kuli bwanji anthu enieni omwe anaphedwa ndi ena.

Makalata nawo musawadalire. Anabwera mazanamazana, ndipo ija inabweretsa dzina loti Jack the Ripper inafika ku Central News Agency pa 27 Seputembala 1888, kunyumba yogulitsa nkhani osati kupolisi, ndipo akuluakulu ena a polisi pambuyo pake ananena poyera kuti ankakhulupirira kuti anailemba ndi mtolankhani.

Carrie Brown anapezeka ataphedwa pa 24 Epulo 1891 mu East River Hotel ku New York, nzoona anachekedwa, ndipo manyuzipepala anakuwa kuti Jack wafika. Apolisi a ku London ataona nkhaniyo sanapeze chogwirizanitsa. Koma taonani zomwe phokosolo linabala, apolisi a ku New York pofuna kuonetsa kuti iwo sangalephere ngati anzawo a ku London anagwira msangamsanga Ameer Ben Ali, munthu wa ku Algeria yemwe anagona chipinda choyang'anana ndi cha malemuyo, Chingerezi chomwe chinkamuvuta, akuti panali madontho a magazi opita kuchitseko chake. Anamugamula kukhala kundende moyo wonse. Atolankhani omwe anafika pamalopo koyambirira anadzanena kuti madontho amenewo panalibe mmene iwo ankafika, ndipo bamboyu anatulutsidwa mu 1902 atakhala kundende zaka 11. Yemwe anapha Carrie Brown sanapezeke.

Mwana wa ku Bradford yemwe achemwali anamutchula ndi John Gill wa zaka 7, anapezeka pa 29 Disembala 1888 thupi lake litawonongedwa koopsa. Bradford ili kumpoto, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku London, ndipo anali mwana wamwamuna. Anagwira wogulitsa mkaka wina nkumumasula posowa umboni. Chomwe chimamulumikiza ndi Whitechapel ndi chaka ndi nkhanza zake basi.

Za mathunthu aja, lija la pa likulu la apolisi linapezeka pa 2 Okutobala 1888, lina pansi pa mlatho wa njanji ku Pinchin Street pa 10 Seputembala 1889, ili ndi lomwe lili mu fayilo ya 11 ija. Koma kachitidwe kake nkosiyana kotheratu. Uyu ankaphera kwina mnyumba, nkudula thupi bwinobwino mmfundo, nkunyamula zidutswa kukataya malo osiyanasiyana ndi mumtsinje kuti munthu asadziwike, kutanthauza kuti anali ndi malo obisika mwinanso ngolo. Wa Whitechapel ankapha pomwe wakumana nawe nkukusiya poyera. Ndipo inde achimwene, London wa nthawi imeneyo anali mzinda waukulu kuposa yonse padziko, anthu mamiliyoni, akupha awiri nthawi imodzi si chinthu chodabwitsa. Fisi akatchuka mmudzi mbuzi iliyonse yosowa amati ndi iyeyo, pomwe ina yadyedwa ndi anthu a pakhomo pomwepo.

Madala_Chiputula:

Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, za ku London sindilowererapo, koma funso la mwana wanga Wezi ife tinakhala nalo konkuno ku Malawi ndipo ambiri a inu munali musanabadwe. Ndikunena za kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, Blantyre, kuyambira 1968 mpaka 1970. Ine nthawi imeneyo ndinali kamnyamata ka pulayimale, bambo anga ankagwira ntchito ku Limbe tisanabwerere kuno kumpoto. Anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku mnyumba zawo, osati ku Chilobwe kokha komanso mmadera ena ozungulira mzindawo, ena matupi awo atawonongedwa. Kwathu dzuwa likangolowa mayi ankasanjikiza mapoto ndi mabeseni kuseri kwa chitseko kuti wina akangokankha zigwe tidzuke, bambo nkhwangwa pambali pa mphasa, mazenera otseka ngakhale mu Okutobala kukutentha, ndipo usiku ukafuna kutaya madzi kunja kunalibe kutuluka, munali chitini mnyumba.

Mphekesera zinali zoti boma likupopa magazi a anthu kutumiza ku South Africa kubweza ngongole, paja nthawi imeneyo Kamuzu anali paubwenzi ndi boma la azungu la kumeneko. Zimenezi zinkanenedwa monong'ona chifukwa ukazinena mokweza unkasowa. Mu 1969 anthu ena anagwidwa koma khoti linawamasula posowa umboni, Kamuzu anakwiya kwambiri, malamulo anasinthidwa kuti milandu yakupha izitha kuzengedwa ku makhoti a Traditional, muja munkakhala mafumu ndipo loya sankaloledwa kukuimira. Kenako mu 1970 anagwidwa Walla Laini Kawisa. Anavomera ina mwa milanduyo, koma mawu ake ankasinthasintha, anagamulidwa kuti anyongedwe. Nduna Gomile Kumtumanji nayo inakodwa munkhani yomweyi, inachotsedwa paudindo nkumangidwa mpaka kufera kundende.

Tsono ndikufunseni, munthu mmodzi yekha kulowa mnyumba zonsezo, zina muli anthu angapo, kwa chaka ndi theka? Akuluakulu omwe ndinkawamva akukamba nthawi imeneyo sankakhulupirira, ndipo ngakhale ophunzira omwe analemba za mlanduwu amakayika kuti anali yekha. Koma Kawisa atangoweruzidwa buku linatsekedwa, maliro onse anapatsidwa mwini wake, ndipo mabanja omwe mbale wawo sanali pa milandu yomwe iye anavomera sanauzidwe kanthu mpaka lero. Zomwe mukukambirana za Tabram ndi Stride nzomwezi, kusiyana kwake nkoti anzathuwo mapepala awo anasunga ndipo aliyense atha kuwawerenga nkutsutsana, ife maina a anthu a ku Chilobwe ndani mwa inu angatchuleko ngakhale limodzi?

Ndipo makhoti omwe anapatsidwa mphamvu chifukwa cha mantha a nthawi imeneyo ndi omwewo anadzagamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, Orton nkufera ku ndende ya Zomba mu 1992. Enanu mukukumbukanso 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, nkhani ya anamapopa itabuka anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa chongokhala achilendo mdera. Ndiye a Kondwa mwana wanga, ukamawonjezera maina pamndandanda chifukwa choti nkhani ikukoma, dziwa kuti kuseri kwa dzina lililonse kuli wina yemwe wapulumuka mlandu, ndipo nthawi zina kuli wina yemwe wafera za eni.

Kondwa_Luwinga:

Madala ndamva ndipo za Chilobwe agogo anga ankazikambanso, za Fairy Fay ndi za ku America ndazisiya. Koma pa mathunthu paja sindinagonjebe, la Pinchin Street linatayidwa pafupi kwambiri ndi pomwe anaphedwera Stride, wotayayo ankalidziwa dera limenelo, ndipo zomwe anamuchita Kelly mchipinda zikusonyeza kuti akapeza malo obisika ndi nthawi ankafika patali. Ndiye kunena kuti uyu ndi wa panja uyu ndi wa mnyumba ine sizikundikwanira.

NyaMhango_Zolozolo:

Adada a ku Chiputula zikomo, mwanena zomwe zinali kukhosi kwanga. Ndiwonjezereko za awiri omwe ali kumayambiriro ndi kumapeto kwa fayilo ija, chifukwa iwowa ndi omwe amasonyeza bwino vutoli.

Emma Smith sanafere pamalo. Atamuvulaza ku Osborn Street anayenda yekha mpaka ku loji komwe ankagona, anzake nkumutengera ku London Hospital, ndipo asanamwalire mawa lake ananena ndi pakamwa pake kuti anamuchita chipongwe ndi amuna awiri kapena atatu, mmodzi wachinyamata, anamulandanso ndalama. Mayi wanena yekha zomwe zamuchitikira, koma mpaka lero pali anthu omwe amati ayi mwina ankanama, anali Jack. Bwanji osamukhulupirira? Anyamata amenewo sanagwidwe. Chomwe chimakopa anthu nchoti Smith ankagona pa nambala 18 George Street ndipo Tabram pa nambala 19, koma mmisewu imeneyo ndi momwe munadzaza maloji a anthu osauka, bedi usiku umodzi 4 pence, ukasowa umagona panja. Nichols ndi Chapman onse awiri usiku womwe anaphedwa anali atabwezedwa ku loji chifukwa chosowa ndalama ya bedi. Ndiye kuyandikana kwa manambala a nyumba kukungotiuza kuti azimayi osauka ankakhala malo amodzi ndipo aliyense wofuna kuwachita zoipa ankadziwa kowapeza.

Frances Coles naye, wapolisi Ernest Thompson anamupeza pansi pa mlatho wa njanji ku Swallow Gardens cha mma 2:15 usiku, anamva mapazi a munthu akuchoka, mayiyo anali adakali moyo khosi litadulidwa mpaka anatsegula diso limodzi, koma lamulo linkati wapolisi asachoke pomwe pali wovulala ndiye sanathamangitse. Apolisi anagwira James Sadler, wosonkhezera moto mu sitima za pamadzi, yemwe anakhala akumwa naye mowa masiku amenewo, anthu nkuyamba kale kukuwa kuti Jack wagwidwa. Atafufuza anapeza kuti nthawi yomwe Nichols, Chapman, Stride ndi Eddowes ankaphedwa iye anali panyanja, ndipo pa mlandu wa Coles weniweniwo umboni unaperewera, anamumasula mu Malichi. Mphamvu zambiri zinathera pofuna kudziwa ngati Sadler ndi Jack, pomwe funso linali loti Frances wamupha ndani.

Pali Rose Mylett wa pa 20 Disembala 1888 ku Poplar, ameneyo ngakhale zoti anaphedwa apolisi ndi madokotala sanagwirizane, Anderson ankati anadzitsamwitsa yekha ndi kolala ya diresi ataledzera, khoti lofufuza za imfa linati anachita kumukanyanga pakhosi ndi chingwe. Panalibe bala la mpeni ndiye kwa Jack ine ndimamuchotsa, koma zoti mzimayi angafe chonchi akuluakulu nkumalimbikira kuti ndi ngozi, zimenezo ndiye zimandiwawa kuposa.

Wezi_Chibavi:

Zikomo nonse, adada a ku Chiputula nkhani ya Chilobwe ndikaifunsanso kwa amalume anga omwe anakulira ku Ndirande. Pomwe ndafika pano Smith, Mylett, Gill ndi Brown ndawachotsa, Tabram ndikumuika mkati limodzi ndi NyaMhango, Stride ndamusiya pakati. Koma aphunzitsi munatchula mayi wa Julayi 1889 osamufotokoza, ndi ndani ameneyo ndipo inuyo mumamuika mbali iti?

Aphunzitsi_Katoto:

Ameneyo ndi Alice McKenzie achemwali, anaphedwa pa 17 Julayi 1889 ku Castle Alley, mkatikati mwa Whitechapel, pasanathe ola limodzi chidutsireni pakati pa usiku. Ankakonda kusuta kaliwo wadothi ndipo kaliwoyo anapezeka pansi pa thupi lake. Anamubaya kawiri kumanzere kwa khosi mpaka mtsempha waukulu kuduka, zovala zitakwezedwa, pamimba pali bala lalitali koma losazama ndi timabala tina tokandakanda.

Apa madokotala anagawanika. Dr George Bagster Phillips, yemwe anapima matupi a Chapman, Stride ndi Kelly, anati si dzanja lomwe lija, mabala ndi osazama ndipo mpeni ndi waung'ono. Anderson anagwirizana naye. Koma Dr Bond, yemwe uja anayamba kumanga asanu pamodzi, ataona thupi la McKenzie anati ndi munthu yemweyo, ndipo James Monro yemwe panthawiyo anali mkulu wa polisi yonse ya London anaganizanso chimodzimodzi. Ndiye dokotala yemwe timamutchula tikamateteza 5, iye mwini pofika Julayi 1889 anali pa 6. Macnaghten polemba chikalata chake cha 1894 anatenga maganizo a Bond a Novembala nkusiya a Julayi.

Ine ndimapendekera kwa Phillips chifukwa anaona matupi ambiri ndi maso ake, komanso mwayi woti wina anatengera zomwe ankawerenga mmanyuzipepala kuti mlandu ugwere Jack ndi waukulu, mabala a pamimba aja akuoneka ngati a munthu wongofuna kuti zifanane. Koma ngati wakuphayo anadwala kapena kufooka mmiyezi 8 yomwe inadutsa chiphedwere Kelly, mabala osazama sangadabwitse, ndiye McKenzie sindingamutsekere kunja ngati mmene ndachitira ndi Carrie Brown. A Kondwa, za Pinchin Street ndikuyankhani madzulo ndikaweruka, pali zomwe Monro analemba zokhudza thunthu limenelo zomwe zikuyankha funso lanu la mnyumba ndi panja.